Timabowo timeneto ndimatidziwa, achimwene

Achimwene, chithunzi cha mtengo wa kwa abwana anu mwaika pofunsa chomwe chikuuonongacho ndangochiona thupi lonse zii. Timabowo tating'ono ngati ta nsonga ya bolopeni, utuchi pakhungwa, ndi madontho onyowa otsetsereka pathunthu, ameneyo ndi shot hole borer basi, kachilombo koboola mitengo. Kachilombo kameneka kanandichotsetsa ntchito ya m'gadeni yomwe ndinagwira zaka zisanu kuno ku Randburg, ku Joni.

Pabwalo la abwana panali mtengo waukulu uja amati box elder, womwe kachilomboka kamaukonda kwambiri. Ndinaona timabowoto ndikusesa masamba, ndipo tsiku lomwelo ndinaitana madamu n'kuwalozera ndi chala. Iwo anangoti ndi chiswe, popera mankhwala. Ndinapopera miyezi itatu, mabotolo kutha, osaphula kanthu. Kanthuka n'kakang'ono, mamilimita 2 okha, ngati njere ya chitowe, ndipo kamakhala mkati mwenimweni mwa thunthu momwe mankhwala opopera safika. Sikadya mtengo ngati nankafumbwe m'chimanga ayi. Kakakazi kamaboola tinjira n'kudzalamo chuku chotchedwa Fusarium choti kazidya ndi ana ake. Chuku chimenecho n'chimene chimatseka misempha yokweza madzi, nthambi n'kuyamba kuuma imodziimodzi.

Ndiye Loweruka lina masana kunawomba mphepo ija imatsogolera mvula. Ndili kuseri ndinangomva khoo! Pothamangira ndinapeza nthambi yonse yagona pagalimoto ya abwana, galasi lakutsogolo litaphwanyikiratu. Pomwe inathyokera panali tinjira takuda tokhotakhota thunthu lonse, mtengo wodyeka mkati koma kunja ukuoneka bwinobwino. Pambali pa tayala panagwa chisa cha njiwa, tiana tiwiri topanda nthenga tili gada pasimenti, kamodzi kakuphiriphitabe. Njiwa zimenezo zinkaswera mumtengomo chaka ndi chaka, ndinkazidziwa. Ndinawerama kuti nditole kamoyoko, abwana n'kutulukira ali chosavala nsapato, kundikalipira pamaso pa ana awo kuti ndine waulesi, ndawoletsa mtengo ndi madzi. Ndinayang'ana madamu kuti anene kuti ndinawauza kalekale. Anangoti duu, maso pa foni. Mpaka lero chimandiwawa ndi chimenecho, kuposa ndalama za mwezi zomwe anandidula n'kundiuza kuti Lolemba ndisabwerenso.

Wina amene sindidzamukhululukira ndi mkulu wodula mitengo yemwe anamuitana. Ntchito yake ndi imeneyo, timabowoto anationa, koma anapakira zipika zonse pa bakkie n'kukazigulitsa ngati nkhuni. Ine anandigawirako zingapo, poti kunkazizira ndinapita nazo komwe ndimachita lendi n'kuziunjika pansi pa mtengo wa mapeyala wa alandilodi. Chaka chisanathe nawonso unayamba kutuluka zoyera ngati shuga pakhungwa. Ndinaubweretsera ndine matendawo, ndi manja angawa.

Umu ndi mmene kachilomboka kamayendera. Kwawo n'kumwera chakummawa kwa Asia, kuno ku South Africa anakapeza koyamba mu 2017 ku Pietermaritzburg pa mitengo ya London plane, pofika 2019 kanali katafika kale ku Somerset West kufupi ndi Cape Town. Mtunda wonsewo sikanauluke kokha, timakanyamula ndife anthu m'nkhuni.

Auzeni abwana anu lero lomwe, koma pa WhatsApp ndi zithunzi kuti umboni ukhalepo, ngakhale ine kunenako sikunandipulumutse. Iwo adziwitse a City Parks, oyang'anira mitengo ya mumzinda wa Johannesburg. Musathamangire kudula, mitengo ina imabooledwa koma osafa, komabe ngati ndi box elder kapena oak wodzaza timabowo musataye nthawi, ugwe basi nthambi isanaphe munthu. Zipika zisatuluke pageti. Azigaye tizidutswa ting'onoting'ono, kapena muzikute ndi pulasitiki padzuwa mosasiya mpata, nthawi yozizira mpaka miyezi ingapo. Sowo ndi chikwanje muzitsuke ndi Jik musanakhudze mtengo wina. Muyang'anenso nsatsi zomera kuseri kwa mpanda, kamaswerana mmenemonso.

Ndipo inu amene mukupakira katundu wopita kumudzi mu Disembala, chonde mitengo yaiwisi ndi mbande za kuno zisakwere nawo basi. Ndikaganiza mapeyala a ku Thyolo ndi Mulanje tulo sindigona. Achimwene, jambulaninso masamba a mtengowo pafupi mutumize pano, tione kuti ndi mtundu wanji.