Nseru yosatha ndi microscopic colitis, yankho kwa amayi aku Chilenje

Amayi ena aku Chilenje anditumizira imelo, dzina sinditchula. Akuti chaka chatha anawapeza ndi microscopic colitis, kutsegula m'mimba kunachepako atayamba mankhwala koma nseru yakana kuchoka, akangodzuka ilipo, fungo la kapenta wokazinga kwa aneba likawafika basi tsiku lonse lawonongeka, ndiye akufunsa kuti kodi azingopirira kapena chilipo chochita.

Amayi, musapirire chete ayi. Nseru ya miyezi imamaliza munthu, ndipo nthawi zambiri chimakhalapo choiyambitsa chomwe chingapezeke.

Kwa amene simukuwadziwa matendawa, ndi kutupa kwa matumbo aakulu koma kobisika, akalowetsa kamera m'matumbo amaoneka abwinobwino, mpaka adule kanyama kakang'ono nkukakayang'ana pa maikulosikopu ndi pomwe amaona. Alipo a mitundu iwiri, collagenous ndi lymphocytic, amagwira kwambiri azimayi opitirira zaka 50, ndipo chizindikiro chachikulu ndi kutsegula kwa madzimadzi kopanda magazi.

Poyambira penipeni ndi m'chikwama chanu, mapiritsi. Kuno ku Lusaka msana ukangowawa timathamangira brufen kapena diclofenac pa kantemba, m'mimba mukaotcha tagula omeprazole, palibe wofunsa. Koma mankhwala amenewa ndi omwe madokotala amawakayikira kuti amadzutsa microscopic colitis mwa anthu ena, pamodzi ndi sertraline wa matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, komanso brufen ndi diclofenac pazokha zimakanda chifu nkubweretsa nseru. Ndiye zimatheka munthu kumamwa piritsi kuti nseru ithe pomwe piritsi lomwelo likukolezera moto. Metformin wa shuga nayenso amachititsa nseru ndi kutsegula. Tsono sindikuti musiye nokha mankhwala omwe anakulemberani, chonde musatero, koma sonkhanitsani zonse zomwe mumamwa, ngakhale za zitsamba zomwe anakupatsani achemwali anu, muike m'pepala la pulasitiki mupite nazo kwa dokotala wanu aone ndi maso. Ngati muli pa budesonide, mankhwala ochepetsa kutupa m'matumbo omwe nthawi zambiri amayamba ndi 9 mg patsiku kwa masabata 6 mpaka 8, muwauze kuti nseru inayamba musanayambe kumwa kapena pambuyo pake, chifukwa funso limeneli lokha limawathandiza kwambiri. Mufunsenso za H. pylori (kachilombo koyambitsa zilonda za m'mimba), chithokomiro ndi celiac, matenda okana tirigu aja, poti awiri omalizawa amakonda kuyendera limodzi ndi colitis yanuyi.

Chachiwiri madzi. Munthu wotsegula m'mimba amataya madzi ndi mchere, ndipo thupi likauma nseru imakula, nseru ikakula munthu amaopa kumwa, zikungozungulira choncho, makamaka kutentha kwa Okutobala muli mu minibasi yodzadza kuchokera ku town. Madzi a moyo aja a m'mapaketi si a ana okha. Paketi ikasowa, lita imodzi ya madzi owiritsa, masipuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Osagugudiza kapu yonse, mumwe pang'onopang'ono, kakumwa kamodzi, dikirani, kenanso.

Pa zakudya sindikupatsani malamulo ambiri chifukwa mimba zimasiyana. Chomwe ndingalimbikire ndi chakuti m'mimba mopanda kanthu nseru imakula, ndiye musadikire nsima yaikulu ya madzulo. Kaphala kopyapyala m'mawa, nthochi yakupsa cha m'ma 10, mpunga woyera pang'ono masana, mbatata yophika, choncho. Chakudya chikazizirako fungo limachepa. Vitumbuwa, chipsi ndi soseji zamafuta zipumitseni kaye, khofi ndi mowa chimodzimodzi, mkaka muuyese nokha muone. Jinja wodula mu madzi otentha amathandiza anthu ambiri. Mukadya musagone nthawi yomweyo, khalani tsonga. Ndipo ngati mumasuta, fodya ndi mdani wodziwika wa matendawa.

Kabuku kakang'ono kolembamo zomwe mwadya, piritsi lomwe mwamwa ndi nthawi yomwe nseru yabwera kamaposa kukumbukira ndi mutu, pa mzere wa ku chipatala chachikulu cha UTH munthu umafika kwa dokotala utatopa kale nkuiwala theka.

Pali zina zosadikira tsiku la riviyu. Mukamasanza mpaka madzi osakhazikika, mkodzo ukachepa kwambiri, chizungulire poimirira, kutentha thupi, kuonda mosadziwika bwino, kapena chimbudzi chamagazi kaya chakuda bii, pitani ku chipatala tsiku lomwelo, magazi si khalidwe la microscopic colitis. Nyengo ya mvula samalani kwambiri, tonse tikukumbuka kolera ya 2024 mpaka Heroes Stadium inasanduka chipatala, ndiye kutsegula kukasintha mwadzidzidzi nkukhala kwambiri kuposa masiku onse musanene kuti ndi matenda anga akale aja, kayezetseni.