Yankho kwa amene mwafunsa za kusankha pulojekiti ya zachilengedwe ndalama zili zochepa

Achimwene, mwati komiti yanu ili ndi ndalama zokwanira pulojekiti imodzi yokha koma pa tebulo pali zitatu, kuika sola pa ofesi, kudzala mitengo m'mbali mwa mtsinje, ndi kutsegula malo osankhirapo zinyalala zoti zizigulitsidwa, nde msungichuma wanu akuti musavutike, mungotenga yomwe ibweze ndalama msanga. Mukufunsa ngati akunena zoona. Ine ndikuti akunena zoona theka lokha.

Njira yomwe akugwiritsa ntchitoyo ndi ija amati payback period, kungowerenga kuti padutsa zaka zingati ndalama zomwe mwalowetsa zisanabwerere. Ndi yophweka, aliyense mu komiti aimva popanda kalikuleta. Koma ikangofika chaka chomwe ndalama zabwerera imatseka maso, zomwe zidzachitike chaka cha 10 kapena cha 25 sizilowa m'masamu olo pang'ono. Pomwe phindu la mapulojekiti a chilengedwe lambiri lili komweko kutsogoloko. Ndekuti mukangogwirizana zoti muyeza ndi payback, mitengo ija yaluza kale mpikisano usanayambe, chifukwa zaka zoyamba mtengo umangodya ndalama, kuthirira, kupalira, kutchinjiriza ku moto ndi ziweto.

Ngakhale sola yomwe ikuoneka ngati yawina ija muifunse bwino. Tingoyerekeza, mwalowetsa 100, pa chaka mukupulumutsa 25 yomwe inkapita ku bilu ya magetsi kapena mafuta a jenereta, papepala zaka 4 ndalama zabwerera, aliyense kuomba m'manja. Nanga mabatire? Mapanelo makampani ambiri amawapatsa chitsimikizo cha zaka 25, koma mabatire makamaka a lead-acid sakhalitsa choncho, mudzawasintha kangapo mapanelo akadali abwinobwino, inverter nayonso imafa nthawi yake. Tsegulani bajeti ya amene analemba proposal ya solayo muone ngati muli mzere wa kusintha mabatire. Ngati mulibe, zaka 4 zijazo ndi zabodza.

Njira yomwe imaona moyo wonse wa pulojekiti ndi ija amati net present value, mwachidule NPV. Mumalemba chaka ndi chaka zomwe zituluke ndi zomwe zilowe, kenako zonse mumazibweretsa pa mtengo wa lero, poti 100 ya lero siifanana ndi 100 yomwe mudzaigwire patapita zaka 30, ya leroyo mukanatha kuiika ku banki nkumapanga chiwongoladzanja. Peresenti yomwe mumachotsera ndalama za mtsogolozo ndi yomwe amati discount rate, ndipo apa mpamene pagona nkhani yonse, anthu ambiri sazindikira kuti kanambala kamodzi aka kamasankha pulojekiti komiti isanakhale nkomwe pansi. Taonani, phindu la 100 lobwera patapita zaka 30, mukagwiritsa 10 peresenti lero likungokwana 6 basi. Mukagwiritsa 3 peresenti likukwana 41. Phindu lomwelo, mtsinje womwewo, mitengo yomweyo, koma wina atha kukuuzani kuti pulojekiti ndi yopanda pake wina nkukuuzani kuti ndi yabwino zedi, onse masamu awo ali olondola.

Musaganize kuti ndi inu nokha mukukanganirana zimenezi. Mu 2006 katswiri wa zachuma Nicholas Stern anatulutsa lipoti la boma la Britain la kusintha kwa nyengo, anagwiritsa ntchito discount rate yotsika, cha m'ma 1.4 peresenti, nkupeza kuti kuchitapo kanthu msanga ndi kotchipa kusiyana ndi kudikira. William Nordhaus, katswiri wina wa zachuma wa ku yunivesite ya Yale ku America, amene anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2018, anatsutsa kuti peresentiyo yatsika mopitirira, iye amagwiritsa yokwererapo, ndipo zotsatira zake zinali zoti tiyambe pang'onopang'ono. Akatswiri awiri, deta pafupifupi yofanana, kusiyana kwakukulu kunali pa funso loti moyo wa zidzukulu tiuwerengere mtengo wanji lero. Boma la Britain lomwelo poyeza mapulojekiti ake limagwiritsa 3.5 peresenti, ndipo zikapitirira zaka 30 peresentiyo imayamba kutsika, cholinga chake kuti zinthu za kutali zisafufutike m'masamu. Nde inu musalole munthu mmodzi angosankha nambala mwakachetechete mu Excel. Muwerengere kawiri, ndi yotsika komanso yokwera, muone ngati wopambana akusintha.

Chachiwiri chomwe payback saona ndi phindu lomwe silidutsa mu akaunti yanu. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje ikagwira dothi, amene akupindula ndi anthu a kumunsi, madzi sakhala ndi matope ambiri, zitsime siziuma msanga, madamu sadzadza mchenga, koma palibe adzabwere kudzakupatsani risiti. Chitsanzo chomwe chimatchulidwa kwambiri ndi cha mzinda wa New York. M'zaka za m'ma 1990 anali ndi zisankho ziwiri, kumanga fakitale yosefera madzi yomwe inkayerekezedwa kuti idya madola mabiliyoni 6 kapena kuposerapo osawerengera zoiyendetsera chaka ndi chaka, kapena kuteteza dera la mapiri a Catskill komwe madziwo amachokera, kugula malo, kuthandiza alimi kuti zoipa zisamalowe m'mitsinje, kukonza zimbudzi ndi masuweji. Mu 1997 anasaina mgwirizano wa njira yachiwiriyi pa ndalama zochepa kwambiri poyerekeza ndi fakitale ija. Phindu lake silinali ndalama zolowa ayi, linali ndalama zomwe sanawononge. Ndiye pa mitengo yanuyo dzifunseni kuti mtsinjewu ukapitiriza kugumuka, ndani adzalipire chani, mlatho, mapaipi, minda yokokoloka. Zimenezo zilowe m'masamu.

Koma apa ndichenjezeponso, musapeke manambala kuti mitengo iwine. Ndimaona ma proposal ena munthu walemba kuti mtengo umodzi phindu lake ku chilengedwe ndi ndalama zakutizakuti, ukamufunsa wazitenga kuti, kukanda m'mutu. Pomwe phindu silingaikidwe mtengo moona, ingoyezani kuti pa ndalama iliyonse mukupeza zochuluka bwanji za chomwe mukufunacho. Ndipo pa mitengo, chonde, musawerengere mbande zomwe zadzalidwa tsiku lojambulitsa zithunzi lija, werengerani mitengo yomwe ili moyo pakatha zaka 3. Mukagula mbande 1,000 nkupulumuka 400, ndalama zenizeni zomwe mwalowetsa pa mtengo umodzi wamoyo zakwera kawiri ndi theka, ndipo nambala imeneyo ndi yomwe iyenera kupikisana ndi sola.

Za zinyalala sindichulutsa. Pulojekiti imeneyo imaima pa mtengo womwe ogula akupereka, ndipo mtengowo suli m'manja mwanu. China itasiya kulandira zinyalala zambiri za pulasitiki zochokera kunja kumayambiriro a 2018, malo ambiri osankhira zinyalala m'maiko osiyanasiyana anangotsala ndi milu yopanda wogula. Nde funsani kuti wogula ndani, alipo angati, pali pangano lolemba kapena ndi pakamwa chabe, kenako mudule mtengowo ndi theka muone ngati malipiro a antchito ndi thiransipoti zikukwanabe.

Funso lina lomwe opereka ndalama akuluakulu amakonda ndi loti kodi zimenezi sizikanachitika zokha popanda ndalama zathuzi? Global Environment Facility, thumba la ndalama la maiko lothandiza mapulojekiti a chilengedwe lomwe linayamba mu 1991, imalipira mbali yoonjezera yokha yomwe ikupangitsa pulojekiti kukhala yothandiza chilengedwe cha dziko lonse, osati zomwe mwini wake akanachita kale. Ganizo lomweli likukhudzani inu. Ngati sola ikubwezadi ndalama m'zaka zochepa, ndekuti mwina mutha kuitenga pa ngongole kapena kulipira pang'onopang'ono iyo nkumadzilipira yokha, pomwe mitengo palibe banki ingakubwerekeni, ndalama ya thandizo yokha ndi yomwe ingaidzale. Kuika ndalama ya thandizo pa chinthu chomwe chikanatha kudzilipira chokha, kwa ine kumeneko nkuononga mwayi.

Nchifukwa chake ndisanakuuzeni kuti tengani iyi, ndikufuna mutiuze kaye, ndalamazo ndi ngongole yoti mudzabweze kapena ndi thandizo? Ngati ndi ngongole msungichuma wanu mumumvere, tengani sola, mabatire ali mu bajeti. Ngati ndi thandizo loperekedwa kuti liteteze chilengedwe, ine ndikanapendekera ku mitengo, pokhapokha pakhale munthu kapena gulu lodziwika ndi dzina lomwe lidzaisamalire zaka 3 zoyambazo ndipo ndalama yake ikhale yopatulidwa kale, komanso eni malo a m'mbali mwa mtsinjewo avomere polemba. Auzeni onse atatu alembe papepala lofanana, zolowetsa poyamba, zosamalira chaka ndi chaka mpaka zaka 20, opindula ndani, ndi chomwe chingaiphe pulojekitiyo. Mukazipeza muziponye mu gulu muno tiwerengere limodzi.