Kodi wogona pansi angatseke bwanji njira?

FUNSO: Akulu, ndangoyamba kumene kutsatira baseball ndiye ndaonera gemu yachitatu ya World Series (ndime yomaliza yolimbirana ukatswiri wa baseball ku America) ya 2013. Allen Craig wa St. Louis Cardinals anapunthwa pa miyendo ya Will Middlebrooks wa Boston Red Sox, osewera wa Boston anamukhudza Craig ndi mpira asanafike pa home (besi yomaliza, yogoletsera), koma ampaya, woweruza masewera, akuti wagoletsa, gemu nkutha 5-4. Zikutheka bwanji poti Middlebrooks anali chigonere, sanachite dala? Wowerenga wanu

YANKHO: Achimwene, mawu oti dalawo achotseni kaye, lamulo la obstruction, loletsa kutchinga njira ya wothamanga, silifunsa za mumtima. Funso ndi limodzi: wotchingayo ali ndi mpira m'manja kapena akuwakha? Ngati ayi, ndipo wachedwetsa wothamanga, walakwa basi.

Middlebrooks, yemwe amalondera besi yachitatu, anadziponya kuti awakhe mpira wochokera kwa catcher (wowakha mpira wa pa home), mpaka pamenepo analibe mlandu, koma mpira utangomudutsa iye anasanduka chopinga panjira, chafufumimba, miyendo ili m'mwamba, Craig nkukodwa pomwepo. Jim Joyce, ampaya wa pa besi yachitatu, analoza nthawi yomweyo koma sanaimitse masewera chifukwa mpira unali kutali, palibe amene amafuna kumutulutsa Craig nthawi imeneyo. Zikatero amadikira zonse zithe kenako nkudzifunsa kuti pakanapanda kupunthwa akanafika pati. Mpira unangomutsogolera pang'ono pa home, ndiye Dana DeMuth, ampaya wa pa home, anati chigoli. Ine ndimati anaweruza bwino, ngakhale zimamvetsadi chisoni poti munthu wagwa sangazimiririke.

Zimasiyana akamutchinga pomwe akumusaka kuti amutulutse, monga akamupanikiza pakati pa mabesi awiri akuponyerana mpira. Pamenepo mu Major League, ligi yaikulu ya baseball ku America, masewera amaima pompo, ndipo amamupatsa besi imodzi kapena kuposa kuchokera pa yomwe anaponda komaliza.

Ku softball, masewera ofanana ndi baseball, samaimitsa msanga, ampaya amangotambasula mkono wamanzere chammbali masewera nkumapitirira, ndipo nthawi zambiri wotchingidwayo sangatulutsidwe pakati pa mabesi awiri pomwe zachitikirapo. Kumenekonso malamulo ambiri ngokhwima, kudikirira mpira woponyedwa utaima panjira sikukupulumutsa, uyambe waugwira.

Chenjezo kwa othamanga nlakuti chitetezochi chili ndi malire. Ukapitirira besi yomwe ampaya waona kuti ukanafika, wadziika wekha pachiswe, akakukhudza ndi mpira watuluka. Komanso wotchinga akamathamangira mpira womenyedwa ndi bati, njira ndi yake, ukamugunda wolakwa ndiwe ndipo imeneyo amaitcha interference.