Kumwamba n'kwakukulu, nanga ndege ziwombana bwanji?

Mayi wina wa ku Dzivarasekwa, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, wandilembera imelo. Mwana wawo akufuna kukaphunzira kuyendetsa ndege zing'onozing'ono pa bwalo la ndege la Charles Prince, pafupi ndi Harare, koma iwo mtima suli m'malo. Akuti kumwamba kulibe misewu yopapatiza, ndiye zimatheka bwanji ndege ziwiri kuwombana?

Amayi, kumwamba n'kwakukuludi, koma tindege timeneti timaunjikana pafupi ndi bwalo, makamaka ophunzira akamazungulira, kutera n'kunyamukanso. Ngozi zambiri zamtunduwu zimachitikira komweko, masana, kunja kuli ngwee. Pa 5 Malichi 2024 ku Nairobi, Cessna 172 yophunzitsira inawombana ndi Dash 8 yonyamula anthu pafupi ndi bwalo la Wilson. Yaikuluyo inabwerera n'kutera bwino, koma mphunzitsi ndi wophunzira wake anamwalira.

Chimene chimandiopsa kwambiri n'chakuti ndege yomwe mukukawombana nayo sioneka ngati ikuyenda. Imangokhala pamalo amodzi pagalasi ngati kantchentche, kenako n'kukula mwadzidzidzi. Diso la munthu limagwira msanga chinthu choyenda, chongokhala limachiphonya. Bungwe la FAA, loona za ndege ku America, linawerengera kuti pamapita masekondi 12.5 kuchokera pamene woyendetsa waona kanthu mpaka ndege yake itapatuka. N'chifukwa chake ophunzira amauzidwa kuti asamangoponya maso uku ndi uku. Ayang'ane kachigawo kamodzi, adikire sekondi, kenako asunthire pena.

Mapiko nawo amabisa. Cessna 172 ili ndi mapiko pamwamba, Piper Cherokee ili nawo m'munsi. Piper ikamatsikira pamwamba pa Cessna zonse zikukatera, palibe amene akumuona mnzake. Onjezanipo utsi wa moto wolusa umene umaphimba Harare mu Seputembala ndi Okutobala, muona kuti maso amafunika kugwira ntchito zedi.

Zida monga ADS-B, zimene zimaonetsa woyendetsa pa sikirini kapena pa tabuleti pamene ndege zina zili, zimathandiza, koma si ndege zonse zili nazo, ndipo ine sindikondwa ndi woyendetsa amene nkhope yake imangokhala pa tabuleti.

Musamuletse mwanayo, amayi. Pitani naye limodzi, mukaonetsetse kuti sukuluyo ndi yovomerezeka ndi CAAZ, bungwe loona za ndege ku Zimbabwe. Akayamba maphunziro muzimufunsa ngati mphunzitsi amamukumbutsa kuyang'ana kaye asanakhote, ndiponso ngati akuzolowera kunena pa wailesi pamene ali ndi kumvetsera anzake. Mumufunsenso kuti ndege ziwiri zikakumana maso ndi maso atani. Ayankhe mosadodoma kuti aliyense akhotera kumanja.