Amarone si Ripasso, asakupusitseni

Achimwene zabwino zonse pa ntchito ya uweta mwaipezayo, koma za mawayini ofiira a ku Italy mukufunsazo musadalire kuti manijala akuphunzitsani, ine wanga anandipweteka nazo ku Cape Town mpaka lero mtima umawawa.

Linali Lachisanu usiku, malo odzaza, tebulo lina laitanitsa Valpolicella Ripasso. Kupita ku bala, watha. Manijala osatukula ndi mutu womwe akuti tenga Amarone, zonse ndi za ku Verona, mphesa ndi zomwezo. Inde ndi zomwezo, Corvina ndi Rondinella, koma za Amarone amayamba aziumitsa miyezi itatu kapena inayi mpaka zifote, ndiye wayini amatuluka wamphamvu, mowa wake 15 kapena 16%, mtengo wake si wamasewera. Ripasso ndi Valpolicella wamba amene amamuthira pa makoko otsala a Amarone kuti atengeko mphamvu basi. Ine ndinangowauza makasitomala zimene bwana ananena, anamwa mabotolo awiri akuyamikira. Bilu itafika mayi wina dzambatu, chala pamphuno panga, akuti mukutibera inu, lesitilanti yonse cheu, ine thukuta kamukamu kamakina ka khadi kakunjenjemera m'manja. Manijala uja kubwera akumwetulira, akuti pepani mnyamatayu ndi watsopano. Watsopano ine? Anawachotsera botolo limodzi pa bilu n'kudula ku matipu anga, mwezi umenewo kumudzi sindinatumize kanthu. Munthu woipa mtima ameneuja, ankadziwa kuti mlendo alibe kokadandaula.

Ndiye inu lowezani chigawo ndi mphesa zake. Ku Toscana mfumu ndi Sangiovese. Chianti Classico, wa tambala wakuda pa botolo uja, amakhala ndi Sangiovese osachepera 80%, ndi wowawasirako ndiye amayenda bwino ndi pasta ya tomato. Tignanello ndi wa komweko koma amasakaniza ndi Cabernet, ndi aja amati Super Tuscan, musanamutsegule funsani kasitomala kawiri za mtengo. Msampha wina ndi Montepulciano: pa Montepulciano d'Abruzzo ndi dzina la mphesa, pomwe pa Vino Nobile di Montepulciano ndi dzina la tauni ya ku Toscana ndipo mkatimo ndi Sangiovese yemweyo. Ku Sicily kuli Cerasuolo di Vittoria, Nero d'Avola kusakaniza ndi Frappato, wopepukirako.

Botolo lililonse onetsani lebulo ndipo tchulani mtengo musanachotse chitsekero, kaya bwana akukuthamangitsani bwanji. Komanso musalimbane naye manijala, ntchito kuno ikuvuta, akanena tengani ichi tengani, koma kasitomala mumuuze mtengo wake. Ndipo kasitomala akafuna Amarone koma akuopa mtengo muuzeni za Ripasso, koma mumuuze zoona kuti si wayini mmodzi.