Ngodya zitatu kapena atatu? Mafunso a Chichewa cha m'masamu

Mayi ena a ku Chibavi, amene mwana wawo ali Sitandade 7, alemba kuti: "Ndimamuthandiza masamu madzulo. Buku ndi la Chingerezi koma ine ndimalongosola m'Chichewa. Kodi ndizinena kuti ngodya atatu kapena ngodya zitatu? Nanga thirayango m'Chichewa ndi chiyani?"

Mayi, muzinena kuti ngodya zitatu. Dzina loti ngodya lili m'gulu limodzi ndi nyumba komanso mbali: ngodya imodzi, ngodya zitatu. Atatu uja ndi wa makona, dzina lobwereka limene linakhazikika kalekale. Makona atatu ndi Chichewa chabwino, ngodya zitatu ndi Chichewa chabwinonso, cholakwika n'kusakaniza. Za thirayango musavutike kupeka dzina latsopano, chifukwa mwanayo akakumana nalo lomwelo pa mayeso a MANEB mu Sitandade 8. Mungomuuza kuti ndi chinthu cha mbali zitatu zowongoka ndi ngodya zitatu.

Koma pali pena pofunika kusamala. Kunyumba ngodya ndi malo, monga poyedzamiritsa tsache. M'masamu ngodya ndi kukula kwa mpata umene mizere iwiri yasiya pamene yakumana, ndipo timayeza m'madigiri. Musonyezeni chitseko: mukachitsegula kwambiri ngodya ikukula, koma chitseko chachitali ndi chachifupi zikatsegulidwa mofanana, ngodya yake ndi imodzimodzi.

Aphunzitsi ena a ku Luwinga afunsa mmene angatchulire 180 m'Chichewa pophunzitsa lamulo loti ngodya zitatu za thirayango iliyonse zikaphatikizidwa zimakwana madigiri 180.

Aphunzitsi, ndi zana limodzi ndi makumi asanu ndi atatu. Vuto n'loti mwana wongomva "makumi asanu ndi atatu" akhoza kuganiza za 53, pamene ife tikutanthauza 80. Ine m'kalasi ya masamu ndingalembe nambalayo pa bolodi n'kuitchula mmene anawo amatchulira ndalama kumsika wa Mzuzu. Chichewa chigwire ntchito pofotokoza: ngati ngodya ziwiri zili 70 ndi 50, phatikizani, chotsani pa 180, yotsalayo ndi 60.

Funso limene landisangalatsa lachokera kwa mtsikana wa Fomu 2 ku Zolozolo: "Mathirayango ofanana ndi olingana n'chimodzimodzi?"

Ayi mwanawe, ngakhale pocheza ambiri timangosinthanitsa mawuwa. Kufanana n'kwa maonekedwe. Kulingana n'kwa muyeso. Tenga thirayango ya mbali za masentimita 3, 4 ndi 5, ndi ina ya 6, 8 ndi 10. Ngodya zake n'zolingana, maonekedwe ndi amodzi, koma yachiwiriyo mbali zake zatalika kawiri. Amenewa ndi mathirayango ofanana. Olingana ndi aja oti ukadula imodzi n'kuisanjika pa inzake imakwanira ndendende, osatsala kanthu. Olingana onse ndi ofanana, koma ofanana si onse amene ali olingana. Wolemba mabuku a ana akasokoneza mawu awiriwa amasokoneza masamu enieniwo, ndipo ine sindingamukhululukire msanga.

Manambala a 3, 4 ndi 5 sindinangowatola. Amisiri omanga nyumba amawagwiritsa ntchito pokhoma zikhomo za maziko: mbali ina mamita 3, ina mamita 4, ndipo chingwe chopingasa chikakwana 5, amadziwa kuti kona ili sikweya, madigiri 90. Ndi lamulo la masamu lotchedwa Pythagoras limenelo: 3 kuchulukitsa ndi 3 ndi 9, 4 kuchulukitsa ndi 4 ndi 16, ndipo 9 kuphatikiza 16 zimakwana 25, yemwe ndi 5 kuchulukitsa ndi 5.

Choncho polongosola mitundu ya mathirayango, gwiritsa ntchito kulingana. Ya mbali zonse zolingana, imene buku lako likuitcha equilateral, ngodya iliyonse ndi madigiri 60. Ya mbali ziwiri zolingana, isosceles, ili ndi ngodya ziwiri zolingana, zija zoyang'anana ndi mbali zolinganazo. Ndipo usanajambule uziona kaye ngati mbali ziwiri zazifupi zikaphatikizidwa zikuposa yaitaliyo. Timitengo ta masentimita 2, 3 ndi 6 sitingapange thirayango, tiwiri tatifupito sitikumana.