Kukaona chigwembe cha Tarn m'mwezi wa Okutobala

Mayi wina amene akuchita maphunziro mumzinda wa Montpellier anditumizira imelo yofunsa ngati masiku anayi a tchuthi cha mu Okutobala angawakwanire kukaona chigwembe cha mtsinje wa Tarn, kum'mwera kwa dziko la France, komanso ngati ulendowu ungatheke popanda galimoto.

Amayi, masiku anayi akwana, koma galimoto muchite kubwereka. Chigawo cha Lozère, kumene kuli mbali yaikulu ya chigwembechi, chili ndi anthu pafupifupi 76,000 okha, ochepa kuposa chigawo china chilichonse m'dziko la France, ndipo mabasi, omwe ndi ochepa kale, amacheperatu alendo a mu Julaye ndi Ogasiti akangochoka.

Langizo langa lalikulu ndi lakuti musathere masiku onse kumunsi m'mbali mwa mtsinje monga amachitira ambiri. N'zoona kuti chigwembechi n'chogometsa: chatalika makilomita pafupifupi 50, ndipo m'malo ena makoma ake amaposa mamita 400. Mudzi wa Sainte-Enimie ndi wokongola, ndipo ku La Malène kuli eni mabwato amene amatsetsereka ndi alendo kudutsa pamene mtsinje wapanikizika kwambiri, potchedwa Les Détroits. Komabe zimenezi tsiku limodzi n'lokwanira. Dera limeneli mudzalimvetsa mukakwera msewu wokhotakhota wochokera ku La Malène n'kufika pamwamba pa Causse Méjean, dziko lathyathyathya la udzu ndi miyala, lokwera pafupifupi mamita 1,000, kumene mudzayenda ola lathunthu osawoloka ngakhale kamtsinje.

Si kuti mvula sigwa kumeneko. Pansi ponse ndi mwala wa laimu, umene madzi amausungunula pang'onopang'ono, choncho mvula ikagwa imalowa m'ming'alu, n'kukatulukira kumunsi ngati akasupe othira mu Tarn ndi mumtsinje wina wotchedwa Jonte. N'chifukwa chake abusa ankamanga maiwe oyalidwa miyala, otchedwa lavognes, kuti nkhosa zizipeza pomwera, ndipo moyo waubusa umenewu ndi umene unachititsa bungwe la UNESCO kuika dera la Causses (maiko athyathyathya onga Méjean) ndi mapiri oyandikana nawo a Cévennes pamndandanda wa malo ofunika kutetezedwa mu 2011. Ntchito ya madziwo mudzaiona ndi maso m'phanga la Aven Armand, limene Louis Armand analitulukira mu 1897. M'kati mwake muli zipilala zamwala zoposa 400 zimene zinakula ndi kudontha kwa madzi, ndipo chachitali kwambiri chimafika mamita 30. Ine sindikonda kwenikweni mapanga owalitsidwa ndi magetsi amitundumitundu, koma ili ndimalikhululukira.

Pamwamba pomwepo, pafupi ndi kamudzi ka Le Villaret, pali mahatchi am'tchire a mtundu wa Przewalski, amene ena mwa iwo anatumizidwa ku Mongolia mu 2004. Miimba, imene inali itatheratu m'derali, inabwezeretsedwa mu 1981 m'chigwembe cha Jonte, ndipo masiku ano simuchita kuifunafuna, mumangokweza maso dzuwa likatentha.

Chondidetsa nkhawa ndi mwezi mwasankhawu. Kuyambira mu Seputembala mpaka Novembala, mphepo yofunda ndi yachinyezi yochokera kunyanja ya Mediterranean ikawomba mapiri a Cévennes imagwetsa chimvula choopsa m'maola ochepa, ndipo popeza Tarn amayambira paphiri la Lozère, madzi angathe kusefukira kuchigwembe ngakhale pamene inu muli pasanagwe dontho. Muziona machenjezo a bungwe loona zanyengo la Météo-France m'mawa uliwonse, ndipo akachenjeza za mvula, musayandikire mtsinje. Muyambenso mwafunsa ngati mabwato ndi phanga lija zidzakhale zotsegula pamasiku anuwo, chifukwa zonsezi amatseka nyengo yozizira ikayandikira. Malo ogona mufunefune m'tauni ya Florac, komwe kuli likulu la malo osungirako zachilengedwe a Cévennes, kapena ya Meyrueis, ndipo musaiwale jekete lochindikala, pakuti pamwamba pa Méjean mphepo ilibe choitchinga.